Momwe opanga mapulogalamu a kompyuta amatchingira anthu okopera mwakuba

Pakona ya sikirini ya makompyuta ambiri pamakhala timawu totuwa takuti "Activate Windows", tosachoka ngakhale mutsegule chiyani. Ena anaonapo pulogalamu imene dzulo lomweli imagwira bwinobwino ikukana kutseguka, ati yalephera kutsimikizira laisensi. Osewera magemu nawo ali ndi funso lawo: gemu yoti ndikusewera ndekhandekha ikufuniranji intaneti? Zonsezi gwero lake ndi limodzi. Amene anapanga pulogalamuyo akufuna kudziwa ngati inu muli ndi chilolezo choigwiritsa ntchito. Njira zofufuzira zimenezi akadaulo amazitchula mwachidule kuti DRM, kutanthauza ukadaulo wolamulira kuti ndani angagwiritse ntchito pulogalamu, pa makina angati, komanso kwa nthawi yaitali bwanji.

## Vuto lagona pati?

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo olembedwa m'manambala awiri okha, 0 ndi 1. Kukopera manambala ndi ntchito imene kompyuta imaidziwa kuposa ina iliyonse. Ngakhale pongotsegula pulogalamu, kompyuta imayamba yaikopera kuchoka pa disiki kupita mu memori, apo ayi singaiyendetse. Kope lachiwiri silisiyana ndi loyamba ngakhale pang'ono, la 1,000 nalonso limatuluka chimodzimodzi. Dandaulo la opanga mapulogalamu silinayambe lero. Mu 1976 Bill Gates analemba kalata kwa anthu okonda makompyuta, kudandaula kuti mwa eni makompyuta a Altair, amene anagula pulogalamu yake ya BASIC sankakwana 10 pa 100 alionse. Enawo ankangobwerekana tepi ya pepala yobowolabowola imene pulogalamuyo inkasungidwapo.

Popeza kukopera kwenikweniko sikungaletseke, opanga mapulogalamu amalimbana ndi kopelo kuti likane kugwira ntchito. Mkati mwa pulogalamu amaikamo mlonda. Musanalowe, mlondayo amafunsa: kodi disiki yeniyeni ilimo? Kodi nambala mwalembayi ndi yoona? Kodi kompyuta ino ndi yomwe ija inalembetsedwa? Akakhutira amatsegula, akapanda kukhutira amatseka.

Chovuta n'chakuti mlondayu amagwirira ntchito m'nyumba ya munthu yemwe akumukayikirayo. Pulogalamu imayenda pa kompyuta yanu, ndipo malangizo ake onse amadutsa mu purosesa yanu, kachipangizo kamene kamayendetsa malangizo mu kompyuta. Munthu wodziwa angathe kumuonerera mlondayo, kumva funso lake, kuloweza yankho, ngakhale kumuchotsa pageti. Kwa zaka pafupifupi 50 tsopano, njira iliyonse yatsopano yakhala ikulimbana ndi vuto limodzi lomweli.

## Kumangirira pulogalamu ku chinthu chogwirika

Nzeru yoyamba inali yopeza chinthu chimene kompyuta singachikopere. M'zaka za m'ma 1980 mapulogalamu ankagulitsidwa pa madisiki a floppy, ndipo makampani ankalemba dala zinthu pamalo pamene kompyuta siiyembekezera, mwachitsanzo pakati pa mizere iwiri ya disiki. Pulogalamu wamba yokoperera inkadumpha malowo, kope n'kutuluka loperewera. Kampani ya Vault ku America inabwera ndi njira yotchedwa Prolok. Inkawotcha kadontho kakang'ono pa disiki, ndipo potsegula, pulogalamu inkayesa kulemba pa kadonthopo kenako n'kuwerenga zimene yalemba. Zikakanika inkadziwa kuti disiki ndi yeniyeni. Zikatheka ndiye kuti ili pa disiki yopanda chilema, kutanthauza kope.

Opanga magemu ena sanavutike nazo za disiki. Gemu inkangokufunsani mawu achitatu pa mzere wachisanu wa tsamba lakutilakuti m'kabuku kobwera nayo m'bokosi. Fotokope inathana nayo njira imeneyi.

Ma CD atabwera, masewera anali omwewo. Njira yotchedwa SafeDisc inkaika dala malo owonongeka pa CD kuti makina wamba okoperera asokonezeke. Pa PlayStation yoyamba, ya mu 1994, Sony inabisa chizindikiro m'kakhotekhote ka mzere wa CD, kamene makina a kunyumba sangakalembe. Akathyali anayankha ndi ka chip kowotcherera mkati mwa PlayStation, konamiza makinawo kuti chizindikirocho chaoneka.

Mapulogalamu odula kwambiri, monga ojambulira mapulani a nyumba ndi osakanizira nyimbo mu situdiyo, anatenga njira ya dongle. Kameneka ndi kachipangizo kooneka ngati fulashi, kolowetsa pa USB. Pulogalamu imakatumizira nambala yongopeka, iko kamaiwerengera ndi kiyi wachinsinsi amene ali mkati mwake n'kubweza yankho. Popeza funso limasintha nthawi iliyonse, kuloweza yankho la dzulo sikuthandiza. Ma dongle apamwamba amasunganso kiyi womasulira zigawo zina za pulogalamu, moti popanda iwo zigawozo ndi manambala opanda tanthauzo. Masitudiyo ambiri akugwiritsabe ntchito dongle yotchedwa iLok mpaka lero. Koma kachipangizo kamatayika, kamathyoka, ndipo zikatero ntchito yaima. Kampani ya Steinberg inasiya kufuna dongle itatulutsa Cubase 12, pulogalamu yake yopangira nyimbo, mu 2022.

## Nambala ya laisensi imadziwika bwanji kuti ndi yoona?

Njira imene ambiri amaidziwa ndi ya nambala yolemba poika pulogalamu. Kompyuta yopanda intaneti siikhala ndi mndandanda wa manambala onse ogulitsidwa. Imangoona ngati nambala mwalembayo ikutsatira lamulo linalake la masamu.

Lamulo la Windows 95 linali lophweka modabwitsa. Nambala inali ya zigawo ziwiri, manambala 3 kenako 7. Mukaphatikiza 7 omalizawo, zotsatira zake zinkayenera kugawika ndi 7 popanda chotsala. Choncho 111-1111111 inkaloledwa bwinobwino. Munthu akangotulukira lamulo lotere, amalemba kapulogalamu kotchedwa keygen, kopanga manambala ovomerezeka ochuluka mmene angafunire.

Mankhwala ake anapezeka m'masamu a makiyi awiri, amene njira yake yotchuka ndi RSA ya mu 1977. Kiyi wachinsinsi amakhala ku kampani kokha, ndipo ndi amene amasainira laisensi. Kiyi wapoyera amaikidwa mu pulogalamu, ntchito yake n'kungotsimikizira siginecha, kusaina sangathe. Ngakhale munthu aiphwasule pulogalamu yonse, apezamo wotsimikizira yekhayo, ndipo ndi ameneyo sangapange laisensi yatsopano. Ma keygen ambiri anathera pamenepa. Chimene masamuwa sakanaletsa ndi chinthu chophweka kwambiri: munthu mmodzi kugula nambala yoona n'kuigawira anthu 1,000.

Apa ndi pamene panabwera activation, kutanthauza kulembetsa pulogalamu ku kampani kuti nambala yanu imangiriridwe ku kompyuta yanu. Microsoft inafalitsa njirayi ndi Windows XP mu 2001. XP inkayang'ana zinthu 10 za mkati mwa kompyuta, monga mtundu wa purosesa, kuchuluka kwa memori, hard disk ndi khadi ya netiweki, n'kupanga nambala imodzi yoimira makinawo. Nambalayo inkatumizidwa limodzi ndi ya laisensi ku seva ya Microsoft, ndiko kuti kompyuta ya kampani imene makompyuta ena amalumikizana nayo pa intaneti. Wopanda intaneti ankaimba foni, kuwerenga manambala 50 n'kulandira ena 42 oti alembe, ndipo zonsezi zinkayenera kuchitika pasanathe masiku 30. Kusintha chipangizo chimodzi kapena ziwiri kunalibe vuto, koma mukasintha zambiri Windows inkaona ngati yasamutsidwira pa kompyuta ina. Mpaka pano, kusintha motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za mu kompyuta, kumatha kudzutsa timawu ta pakona tija.

Panatsala mpata umodzi. Mabungwe okhala ndi makompyuta mazanamazana sakanatha kulembetsa iliyonse payokha, choncho anapatsidwa manambala osafuna activation. Imodzi mwa manambalawo inatuluka XP isanafike n'komwe m'masitolo, n'kuzungulira dziko lonse. Kuyambira pa Windows Vista zinasintha. Bungwe lalikulu limakhala ndi seva yakeyake yotchedwa KMS, ndipo kompyuta iliyonse iyenera kukaonekera ku sevayo pasanathe masiku 180. Zida zambiri zakuba zimangonamizira kukhala seva imeneyi.

## Kumuchotsa mlonda, ndi kumubisa

Zambiri mwa njira tafotokozazi zimathera pa mzere umodzi mkati mwa pulogalamu: yankho likakhala loona pitiriza, likakhala labodza tseka. Wothyola mapulogalamu safunikira n'komwe kupeza yankho loona. Amatenga debugger, chida chimene olemba mapulogalamu amafufuzira zolakwika, chomwe chimayendetsa pulogalamu lamulo limodzilimodzi kwinaku munthu akuonerera. Amasaka pamene uthenga wokana umatulukira, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka pamene pulogalamu inasankha kutseka. Pa pulogalamu yosatetezedwa bwino, kusintha nambala imodzi pamalo amenewo n'kokwanira kuti "ayi" asanduke "inde". Fayilo yosinthidwa motero ndi imene amaitcha crack. Wofunika luso ndi munthu mmodzi yekha, ena onse amangokopera zimene iye wathyola.

N'chifukwa chake mphamvu zambiri za DRM yamakono zimathera pa kuteteza wofunsayo kusiyana ndi funso lenilenilo. Amamwaza alonda mazana m'malo osiyanasiyana, ena olondera anzawo: gawo lina limawerengera manambala a gawo linzake kuti lione ngati asinthidwa. Pulogalamu imadziyezanso nthawi. Ntchito imene imatenga kachigawo ka sekondi ikatenga mphindi yathunthu, ndiye kuti wina akuiyendetsa pang'onopang'ono ndi debugger. Malangizo amasokonezedwa dala, kuwonjezamo tinjira tosapita kulikonse ndi masamu aatali opereka yankho lalifupi. Njira yovuta koposa ndi yolemba zigawo zofunika m'chilankhulo cha purosesa yongopeka, imene kulibe kwina kulikonse, n'kuika womasulira wake mkati mwa pulogalamu momwemo. Wothyola ayenera kuyamba waphunzira chilankhulocho asanamvetse chilichonse, ndipo pa pulogalamu ina akachipeza chitasintha.

M'magemu, dzina lotchuka pa ntchito imeneyi ndi Denuvo ya ku Austria, yomwe inatuluka mu 2014 n'kugulidwa ndi kampani ya Irdeto mu 2018. Magemu ena otetezedwa nayo akhala miyezi, ena zaka, osathyoledwa. Resident Evil 7 inathyoledwa patangotha masiku 5 mu 2017. Kwenikweni chimene makampani amagula pamenepa ndi nthawi, chifukwa gemu yatsopano imagulidwa kwambiri m'masabata oyambirira. Ena amachotsa okha chitetezocho pakapita miyezi kapena chaka, chitagwira kale ntchito yake.

Ena amasankha mlonda wosakuwa. Akaona chinyengo sanena kanthu, amangoiwononga pulogalamu mwakachetechete patsogolo, kuti wothyola aganize kuti wamaliza n'kuitulutsa ikadali ndi misampha. Mu Serious Sam 3 ya mu 2011, wosewera kope lakuba ankapitikitsidwa ndi chinkhanira chachikulu chosafa, chaliwiro kuposa iye. N'zoseketsa ndithu, koma zili ndi ngozi yake. Msampha ukakola wogula weniweni molakwika, iye sadziwa kuti wakayikiridwa, amangoona ngati pulogalamuyo inapangidwa mosasamala.

## Makina otsekedwa

Njira ina ndi yochepetsa mphamvu za mwini makina pa makina ake omwe. Nintendo inaika ka chip kotchedwa 10NES mu makina ake osewerera magemu a NES mu 1985, kamene kankafunsana ndi kanzake ka mu katiriji, kabokosi kosungira gemu kolowetsa m'makinawo. Masiku ano PlayStation, Xbox ndi iPhone amatsimikizirana motsatizana. Kapulogalamu koyamba kanakhazikitsidwa mu chip ndipo sikasinthika. Iko kamaona siginecha ya kotsatira, kotsatirako n'kuona ya kena, mpaka kufika pa gemu kapena app. Chosasainidwa sichiyenda, ndipo chida choonerera nacho sichiloledwa kulowa. Mwa njira zonse zogwirira ntchito pa makina a munthu, iyi ndiyo yolimba kwambiri.

Komabe masamu abwino amafuna munthu wosamala. Njira yosainira ya PlayStation 3 inkafuna nambala yatsopano yongopeka pa siginecha iliyonse. Sony inkabwereza nambala imodzimodzi nthawi zonse. Kumapeto kwa 2010, pamsonkhano wa akadaulo ku Berlin, gulu la fail0verflow linaonetsa kuti ndi masiginecha awiri okha munthu angathe kuwerengera kiyi wachinsinsi wa Sony. Wokhala ndi kiyiyo akanatha kusaina pulogalamu yake iliyonse, makina n'kuilandira ngati yochokera ku Sony.

## Kusamupatsa wogula pulogalamu yonse

Ngati vuto ndi loti pulogalamu ili m'manja mwa woigwiritsa ntchito, yankho lotsala ndi kuisunga kwina. Gmail kapena Google Docs simungaikopere chifukwa mbali yake yaikulu siifika pa kompyuta yanu. Imayenda pa maseva a Google, inu mumangoona zotsatira. Magemu osewera anthu ambiri pa intaneti nawonso amatero. Kunena zoona, ndi njira yokhayi imene imalizembadi vuto lija, zinazo zimangolichedwetsa.

Pali zina zapakatikati. Mu 2013 Adobe inasiya kugulitsa Photoshop ndi mapulogalamu anzake mwa kamodzi, n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Pulogalamu imakhalabe pa kompyuta yanu, kungoti imafunsa seva nthawi ndi nthawi ngati mwalipira, choncho imathyolekabe. Kampani ya magemu ya Ubisoft mu 2010 inakakamiza kuti Assassin's Creed II ya pa kompyuta izikhala pa intaneti nthawi zonse, ngakhale munthu akusewera yekha. Maseva atagwa, amene anakanika kusewera anali ogula. Kampaniyo inalengeza mu 2012 kuti yasiya njirayi.

## Chifukwa chake nkhaniyi imautsa mapiri pachigwa

Opanga mapulogalamu ali ndi mfundo. Pulogalamu yaikulu imadya zaka ndi malipiro a anthu mazanamazana, ndipo kampani yaing'ono yogulitsa pulogalamu kwa akatswiri ochepa ingagwe ngati ambiri mwa iwo salipira. DRM siimitsa wothyola waluso, koma imaletsa munthu wamba kugawira mnzake mosaganizira, komanso imadziwitsa bungwe pamene lapyola chiwerengero cha malaisensi ake. Kumbali inayo, wotenga crack amapereka mphamvu zonse za kompyuta yake kwa fayilo ya munthu wosamudziwa, nthawi zambiri atazimitsa yekha antivayirasi poti malangizo atero. Mavayirasi obera mapasiwedi amakonda kulowera pomwepa.

Ogula nawonso ali ndi mfundo yawo. Mavuto a DRM amagwera amene walipira, chifukwa m'kope lothyoledwa mlonda anachotsedwamo kale. Gemu ya Spore ya mu 2008 inkalola kuikidwa katatu kokha, ndipo anthu atakwiya chiwerengerocho chinakwezedwa kufika pa 5. Mu 2005 katswiri wa makompyuta Mark Russinovich anatulukira kuti ma CD ena a nyimbo a Sony BMG ankaika mwamseri pulogalamu yodzibisa mkati mwa Windows. Inkabisa fayilo iliyonse ya dzina loyamba ndi $sys$, ndipo opanga mavayirasi sanachedwe kupatsa mafayilo awo mayina otero. Mu 2021 oyeza magemu anapeza kuti kope lothyoledwa la Resident Evil Village linkayenda mosadodoma kuposa logula, mpaka Capcom, kampani imene inapanga gemuyo, inatulutsa chokonza.

Vuto limene anthu saliganizira pogula ndi la zaka. Chitetezo chimadalira zinthu zimene sizikhala mpaka kalekale. Windows 10 itatuluka mu 2015 inakana kuyendetsa SafeDisc poiona kuti ndi yoika kompyuta pachiopsezo, ndipo magemu akale a pa CD ogulidwa mwachilungamo anasiya kutseguka. Adobe itatseka maseva olembetsera mapulogalamu ake a Creative Suite 2, inachita kuika pa webusaiti yake makope osafuna activation kuti amene anagula athe kuwaikanso. Ubisoft itatseka maseva a The Crew pa 31 March 2024, gemuyo inasiyiratu kugwira ntchito, ngakhale kwa amene anali ndi disiki m'manja.

Si onse amene amaika DRM. Sitolo ya pa intaneti ya GOG, imene inayamba mu 2008, imagulitsa magemu opanda chitetezo chotere. Mapulogalamu aulere monga Linux ndi LibreOffice laisensi yake imachita kulola poyera kukopera ndi kugawa.

## Pamene lamulo limalowerera

Kukopera ntchito ya wina popanda chilolezo ndi mlandu kuyambira kale, koma kuthyola chitetezo pakokha sikunali mlandu. Mu 1988 khoti la apilo ku America linagamula kuti kampani ya Quaid, imene inkagulitsa pulogalamu yozembera Prolok, sinalakwe, popeza wogula ali ndi ufulu wosunga kope lapadera poopa kuti disiki yake ingawonongeke. Zinthu zinasintha ndi pangano la mu 1996 la WIPO, nthambi ya United Nations yoona za umwini wa ntchito zaluso, limene linauza mayiko osaina kuti ateteze ndi lamulo njira zimenezi. America inakhazikitsa lamulo la DMCA mu 1998, European Union inatsatira mu 2001. Pansi pa DMCA, kuzembera chitetezo kapena kugawa chida chozembera ndi mlandu paokha, ngakhale munthu asanakopere chilichonse. Mayiko ena ali ndi malamulo awoawo, ena okhwima, ena ofewerapo.

Lamulo la America limalola kuti zaka 3 zilizonse akuluakulu a Library of Congress, laibulale ya nyumba ya malamulo ya dzikolo, aunikenso n'kupatula zochitika zina. Mu 2015 analola kuti munthu amene anagula gemu yosewera yekha aizembere activation ngati kampani inatseka seva yake. Mu 2018 malaibulale ndi malo osungira zakale analoledwa kuthyola chitetezo cha mapulogalamu amene sakugulitsidwanso, n'cholinga chowasunga. Mu 2024 mabungwe oimira malo amenewa anapempha kuti ofufuza azitha kuona magemu akalewo kudzera pa intaneti osachita kupita ku laibulale, koma makampani a magemu anatsutsa ndipo pempholo linakanidwa.